Mchira wa Khonje

Wovwe, Karonga
Juni 1985

Okondedwa achimwene a Stephano,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja unaleka kutupa? Ine ndi mwana wanga Dora m'thupi tili bwino, kungoti mtima wanga suli m'malo. Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira a Patson, oyendetsa lole ya mpunga aja a kwa Ganya, kuti akupatseni pamanja. Mukawerenga muiponye pamoto, ndipo amayi musawawerengere.

Paja ndinakulemberani kuti chaka chino sukulu za dera lathu zikhala ndi chikondwerero cha masewero, magule ndi makwaya. Amene anayambitsa zimenezi ndi a Gordon Mwalwanda, mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 8, mbadwa ya konkuno. Munthu ameneyu ndiye anandilandira nditangofika, ndisanadziwe ngakhale kupereka moni m'Chitumbuka. Anapalasa njinga mpaka ku Ngara ndi ku Uraha kunyengerera ahedi a kumeneko kuti atumize ana. Ine anandipempha kuti ndithandize za zovala, poti ndimadziwa kusoka.

Sewero la sukulu yathu analipeka ndi ana eniake. Kuno mpunga amalima ndi ng'ombe, ndiye nkhani yake inali ya ng'ombe yokalamba imene inkakana kuchoka pagoli ngakhale maso ake anali atachita khungu, nkumakhotetsa mizere m'munda. Ndikulumbira achimwene, panalibe amene ankaganiza zina. Ng'ombe yotero iliko ndithu, ya mkulu wina wa kuseri kwa sukulu, ndipo ana amaiseka tsiku lililonse. Pokonzekera ahedi analionera seweroli. A tcheyamani a chipani a dera lino analioneranso, naseka mpaka kupukuta misozi.

Amene ankakhala ng'ombeyo ndi Yunike, mtsikana wa Sitandade 7, wanthabwala kwambiri. Ndinamusokera chovala cha chiguduli, nyanga za katoni, ndi mchira wa khonje umene ndinaupesa bwinobwino kunsonga kuti uoneke ngati weniweni.

Tsikulo linali Loweruka. Anthu anadzaza bwalo la sukulu, ena atakwera m'mitengo ya mango. Anyamata a ku Ngara anavina mapenenga, atsikana a ku Uraha anavina ndolo, fumbi lili koboo. Kutsogolo kunakhala akuluakulu ochokera ku boma ndi a chipani, ayufi ataimirira kumbuyo kwawo ndi malaya awo ofiira. Sewero lathu lili mkati, mwana wogwira pulawo anaponda mchira uja, nuthothoka. Yunike, posafuna kuti sewero liime, anautola, naimirira ndi miyendo iwiri, nayamba kuugwedeza m'mwamba ngati akuingitsa ntchentche, uku akuyenda pang'onopang'ono monga nkhalamba.

Achimwene, mukumudziwa amene amagwedeza litchowa m'mwamba m'dziko muno. Dzina lake sindilemba.

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, kenako kuseka kuja kunaduka mwadzidzidzi. Ndinaona amayi ena akudzigwira pakamwa, ena akunyamula ana nkumachoka chobwerera m'mbuyo. Yunike sanazindikire kanthu, anangopitiriza, akuyesa kuti anthu akudikira zina zoseketsa. A tcheyamani anatembenuka pampando nayamba kuyang'ana anthu mmodzimmodzi ngati akusunga nkhope zawo. A Mwalwanda anathamangira pabwalo, nauza ana kuti ayambe nyimbo yotamanda, koma madzi akatayika saoleka.

Lolemba lake, ana ali pa bureki, inabwera galimoto ndi amuna osavala yunifomu. Aphunzitsi tonse anatisonkhanitsa mu ofesi ya ahedi. Sanafunse zambiri, anangofuna kudziwa amene anapanga mchirawo. Ndisanatsegule pakamwa, a Mwalwanda anaimirira nati, "Sewero ndinalemba ndine, mchira ndinapanga ndine, mwana ndinamuphunzitsa ndine. Enawa musawavutitse, sakudziwa kanthu." Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti munthuyu satha ngakhale kulowetsa ulusi m'singano, koma palibe amene anawatsutsa. Anasiya choko patebulo, napempha ahedi kuti wina akapitirize masamu ndi ana ake poti mayeso ayandikira. Amuna aja anawakweza m'galimoto, ndipo kuyambira pamenepo sitinawaonenso.

Yunike makolo ake anamuzembetsa, sitikudziwa kuti ali kuti. Malo ake m'kalasi ali pululu, ndipo anzake amaopa kukhalapo.

Akazi a Mwalwanda, mayi Bertha, ali ndi khanda kumsana ndi ana ena awiri. Anapita ku boma kukafunsa za amuna awo, anawayankha kuti dzina limenelo sakulidziwa. Pamjigo amayi anzawo amawapatukira, ena amasiya ndowa nkubwerera kunyumba mpaka iwo atachoka. Nanenso achimwene, ndinkangodutsa pakhomo pawo nditaweramitsa mutu, miyendo ikukana kukhota. Tsiku lina ndinalimba mtima nkulowa masanasana. Ndinawauza kuti mchira uja ndinapanga ndine, ndipo ndikuganiza zokanena. Anati akudziwa kale, poti khonjelo ndinkapesera pakhonde pawo pomwe. Anandigwira dzanja nati, "Amama, mukakanena atenga awiri. Amuna anga sabwera chifukwa inu mwapita. Khalani chete, lerani mwana. Chiuta wakumanya." Mawu omalizawo ndi Chitumbuka, kutanthauza kuti Mulungu akudziwa. Ndinapita kukawatonthoza, koma wolira ndinali ine.

Sabata yatha anandiitana ku boma. Wondifunsa anali wachinyamata ndithu, woyankhula Chichewa cha kwathu ku Ntcheu, ndipo ichi ndicho chinandiopsa koposa. Dzina la malemu bambo athu akulidziwa. Akudziwa kumene inu mukugwira ntchito, akudziwanso kalasi ya Dora. Anayankhula mofatsa, kunditchula chemwali, nandifunsa chifukwa chake ine mwana wa kwathu ndikulola kugwiritsidwa ntchito ndi anthu a kuno. Chimene ankafuna ndi choti ndinene kuti a Mwalwanda ankayankhula zonyoza boma tikakhala aphunzitsi tokhatokha. Ndinati sindinamvepo. Anaseka pang'ono, nati ndipite ndikakumbukire bwino, adzandiitananso, ndipo ndisatuluke m'boma la Karonga popanda kuwauza.

Ndinkayesa kuti chikondwerero chija chathera pomwepo, koma ayi. A tcheyamani anabwera kusukulu kudzanena kuti mwezi wa mawa chichitikanso, chachikulu kuposa choyamba, pamaso pa alendo ochokera kutali, kuti dziko lione kuti anthu a ku Wovwe ndi okhulupirika. Atatero analoza ine, nati ndilowe m'malo mwa a Mwalwanda kutsogolera zonse. Mukudziwa kuti pamenepa palibe kukana. Aphunzitsi a ku Ngara ndi ku Uraha amabwera kumsonkhano wokonzekera, koma aliyense amangoti monga mwaonera inuyo amayi, kuti chikalakwika chikhale changa. Sindikuwada, nawonso ali ndi ana.

Masewero tachotsa, tatsala ndi makwaya ndi magule. Komabe nyimbo iliyonse ndimaitembenuza uku ndi uku kufunafuna mawu amene munthu angawamve mwina, ndipo zambiri zili m'Chitumbuka chimene sindichimva chonse. Ana amene ankathamangira kudzaphunzira gule tsopano amavina ngati akuwakoka ndi chingwe. Mwana akangokweza dzanja kuti akande m'mutu, mtima wanga umalumpha.

Dzulo ndachita chinthu chimene chikundiwawa. Pobwera kusukulu ndinapeza Dora pabwalo la nyumba, atanyamula tsache m'mwamba, akuyenda monga anachitira Yunike, ana a oyandikana nawo akuseka. Ndinamukwatula nkumukokera m'nyumba, ndipo ndinamumenya koyamba chibadwire. Analira akufunsa chimene walakwa, ine osatha kumuuza. Ndingamuuze bwanji mwana wa Sitandade 1? Ndikamuletsa, mawa akafunsa mnzake chifukwa chake. Amene anaona pamsewu sindikuwadziwa.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Bwerani mudzatenge Dora mwezi uno usanathe. Ine sindingathe kumuperekeza, ndipo sindifuna kumukweza lole ndi anthu ena. Chimwalirireni bambo ake, mwanayu alibe wina kuno koma ine ndekha. Akadzandiitananso ku boma ine osabwerako, sindifuna kuti Dora adzakhale pakhonde akudikira. Akakhale ndi ana anu, aziphunzira komweko mpaka zinthu zitaoneka mutu wake. Amayi muwauze kuti kuno kukutentha ndipo malungo amuvutitsa, zimenezo si bodza kwenikweni.

Mukwere basi, mutsikire pamsewu waukulu, kenako muyende ngati munthu wodzagula mpunga. Musavale taye, ndipo khadi la chipani musaiwale, akufunsa paliponse. Kusukulu musafikeko. Mukapeza nyumba yanga yotseka, musagogode kwa oyandikana nawo, ndipo dzina langa musalitchule. Pitani kuseri kwa tchalitchi, pa nyumba imene ili ndi njinga yakuda pakhonde. Ndi kwa mayi Bertha. Tinapangana kale kuti tsiku limene sindidzabwera, Dora adzagona kumeneko. Mudzi wonse uno, ndi iwo okha amene sanaope kuvomera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndimawakumbukira m'mapemphero. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali a ku Bawi, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana nonse. Mutipempherere, ndipo popemphera mutchulenso a Gordon Mwalwanda, koma chamumtima.

Ndine mlongo wanu,
Loveness