Dzuwa Silikhwimitsa Khungu

Mwana wanga Saidi,

Landira moni wochokera kuno ku Nkope. Ine ndi amayi ako tili bwino, koma mlongo wako Asiyatu ayi.

Amalume ako analamula kuti aziyanika usipa pathandala tsiku lonse, ati khungu lake lachialubino likhwime ndi dzuwa. Nditakana anandiyankha kuti, "Alamu, bwato ndi lanu, koma mbumba ndi yanga." Chilonda chitabuka pakhosi pa Asiyatu, amalume akowo analoza chala mayi wina wothawa nkhondo ku Mozambiki kuti wamulodza.

Lolemba ndinapita naye kuchipatala osapempha munthu. Adokotala akuti ndi khansa ya pakhungu, gwero lake dzuwa. Ati ngakhale azungu amene amadziwamba ndi magetsi m'nyumba kuti ade amaidwala. Akamuchita opaleshoni ku Blantyre, ndipo akuti tafulumira.

Amalume akowo sanapepese, kwa ine ngakhale kwa mayi uja. Ndikudikirabe.

Tumiza chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali. Amalume ako uwalemberenso wekha, poti ine mkamwini sandimvera. Koma amve asamve, mwana wanga sakhalanso padzuwa.

Mulungu akusunge ku Joniko.

Ndine bambo ako,
Yusufu