Thabwa la mfuti ya ababa

Lachiwiri, kupurazi (kufamu), ku Chegutu. Tsiku langodutsa, mumtima muli zii.

Pepani ababa, ndikukuvutitsani muli chigonere m'manda. Amanijala akuti ndikalowa ulonda wanu, satichotsa m'nyumba ya kukomboni. Koma mfuti yanu inanditalikira, chala sichimafika powombera. Amalume ayeza mkono wanga ndi chingwe, ine n'kubwerezanso kuyeza. Iwo akuti, "Muzukuru, kodi tikusoka diresi?" Kenako adula ndi sowo thabwa lotsamira paphewa lija, n'kulipala bwinobwino. Tsopano ikundikwana.

Kachidutswa kotsalako, kosalala ndi thukuta la phewa lanu, ndakatola muutuchi n'kukamanga pansalu. Sindinalire.

Mawa ndiyamba kulondera chimanga, anyani achuluka. Ngati talakwa kudula, mundiuze msanga, ngakhale kutulo.