Amayi akuopa kuti ndinagula njira ku Spain

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndimakhala ku Crumlin, mumzinda wa Dublin, ndi amayi anga. Bambo ntchito yawo ya zomangamanga itatha chaka chatha anapita ku Manchester kukasaka ina, ndiye pakhomo tatsala awiri. Amayi amasamalira okalamba, ndipo mashifiti awo ambiri ndi ausiku. Anzanga ndinalibe. Pa buleki ndinkakhala pa masitepe a ku laibulale n'kumaonerera anthu. Sindinkadandaula, ndinali nditazolowera.

Mwezi watha kalasi yathu ya Chisipanishi inapita ku Spain, m'chigawo cha Tarragona, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Poona mmene zinthu zilili pakhomo, ine sindinawauze n'komwe amayi kuti kuli ulendo. Koma mnyamata wina amene anali atalipiriridwa kale, banja lawo linasamukira ku Australia mwadzidzidzi, monga akuchitira ambiri masiku ano. Aphunzitsi anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti malowo ndi anga ngati amayi angalole. Analola.

Ndinkaopa, Aphungu. Kusukulu ukakhala wekha belu limakupulumutsa, koma paulendo palibe belu.

Zinayenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Tinaona bwalo lakale la Aroma, lamipando yamiyala, lomwe lili pafupi ndi nyanja moti ukakhala pamwamba umaona mafunde. Tinapitanso kumene mtsinje wa Ebro umathira m'nyanja. Kuli minda ya mpunga mpaka polekezera maso, akakowa akulondola makina okolola. Ndinawajambulira amayi, chifukwa iwo amati mpunga ndi wa ku Karonga basi.

Tsiku lomaliza tinapita ku chikondwerero m'katauni kena. Kumeneko ali ndi mwambo womanga nsanja ya anthu. Amphamvu amaima pansi, ena amakwera pamapewa awo, enanso pamwamba pa amenewo, mpaka kamwana kovala chipewa cholimba kamafika pansonga n'kukweza dzanja. Pansi pamafunika khamu lothithikana logwiriziza, ndipo woonerera akhoza kulowa nawo. Ine ndinaima kumbuyo monga mwa nthawi zonse. Bambo ena achikulire, a Cornelio, anandiyang'ana mapewa n'kunena m'Chingerezi chothyokathyoka, "Iwe, msana wonsewo ukusungira ndani?"

Anatulutsa nsalu yakuda, yaitali kwambiri, imene onse amamanga m'chiuno kuti msana ulimbe komanso kuti okwera apeze popondera. Nsaluyo munthu sadzimanga yekha. Wina amagwira kunsonga n'kukoka, iwe n'kumazungulira mpaka yonse itathera pathupi. Ndinazungulira a m'kalasi akuseka. Kenako Jerome, amene ndakhala naye desiki imodzi chaka chonse osalankhulana, anati, "Inenso ndimangeni, uyu angagwe yekha."

Tinalowa m'khamumo, chifuwa changa pamsana pa munthu wosamudziwa, cha Jerome pamsana panga. Anatiuza kuti tisayang'ane kumwamba. Sindinaone chilichonse, ndinkangomva kulemera kukutsikira m'mapewa ndi zitoliro zikulira. Onse atatsika bwino, a Cornelio anandisisita kumutu n'kuti nsaluyo ndipite nayo. Mundege Jerome anandisungira mpando, ndipo mpaka pano timadyera limodzi.

Vuto linayamba kunyumba ndikuonetsa zithunzi. Panali anti Evelyn, mayi wa kutchalitchi kwathu amene amakhala ku Citywest, dera lina la Dublin. Pachikondwerero paja panalinso zidole zazitali ngati nyumba, zovinidwa ndi munthu ali mkati, ndi anthu ena ovala zimitu zikuluzikulu. Anti ataona anaika kapu pansi. Anati, "Asisi, si zilombo izi? Uyu si makanja uyu? Ndipo taonani mwana wanu akumumanga nsalu m'chiuno. Ameneyu wagula njira."

Kwathu ndi ku Dowa, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinamva koyamba za amalume anga. Akuti ali mnyamata anapita kukaonerera gule, n'kubwerako atalowa m'gulemo, atagula njira. Agogo anali mkulu wa mpingo, ndipo sanawalankhulenso mpaka kumwalira.

Anti ankafuna kuti Lamlungu ndikaimikidwe kutsogolo kwa mpingo kuti andipempherere. Ine kuima kutsogolo kwa anthu, bola kundikwapula. Chakudya chinandikanika tsiku limenelo. Koma m'mawa amayi atabwera kuchokera kuntchito, asanavule n'komwe jekete, anati, "Mwana wanga sakaima kutsogolo kwa munthu. Evelyn akaimike ake." Aphungu, mtima unakhala pansi. Koma anawonjezera kuti, "Nsalu ija yokha Lamlungu ipite kwa abusa akaiotche."

Kodi n'zoona kuti munthu angalowe zinthu iye osadziwa? Nanga nsaluyi nditani nayo? Ndikuganiza zokaibisa mu loka, kabati yanga ya kusukulu, n'kuwauza amayi kuti ndataya. Jerome akuti akhoza kundisungira kwawo. Sindifuna kuwanamiza, koma sindifunanso kuti ipse. Aka kanali koyamba kuti munthu andiitane kuti ndichoke kumbuyo.

W.K., Crumlin, Dublin

W.K. mwana wanga,

Idya ukhute, ugone tulo. Sunagule njira iliyonse.

Ine ndinakulira ku Mchinji, ng'oma za gule ndinkazimva ndili kumbuyo kwa amayi. Njira sagula masana pakati pa tauni, aphunzitsi akujambula, ana akunyambita ayisikilimu. Za kudambwe n'zachinsinsi, wolowa amadziwa kuti walowa, ndipo amauzidwa zoti asakaulule. Iwe unangouzidwa kuti usayang'ane kumwamba, ndipo limenelo ndi langizo loteteza khosi. Nsaluyo ndi lamba wa ntchito. Funsa bambo ako, akuuza zimene anthu amamanga m'chiuno akamanyamula matumba a simenti.

Anti Evelyn usawasungire chakukhosi. Diso limaona zimene linazolowera. Chidole chotalika choncho inenso ndikanayamba ndatchula makanja. Analakwa pofuna kukuimika pagulu asanakufunse, ndipo amayi ako awayankha kale. Iwe usawonjezerepo.

Tsopano tiye tikambe za amayi akowo, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mayi wochokera kushifiti ya usiku, maso ali psu, anasankha mwana wake pamaso pa mnzake wa kumpingo. Kuno kunja, kumene mpingo ndiwo abale ako, chimenecho si chinthu chaching'ono. Iwo sakuopa nsalu ayi. Anaona mchimwene wawo akuchoka pakhomo kukaonerera, n'kusanduka mlendo kwa bambo ake omubereka. Lero mwamuna wawo ali ku Manchester, mwana mmodzi yemwe ali naye sakamba zambiri, mpaka za ulendo anazimva malo atapezeka kale. Ndiye akuona chithunzi anthu osawadziwa akumumanga m'chiuno. Ukanakhala iwe ukanatani?

Chita izi Lamlungu lisanafike. Dikira tsiku limene agona mokwanira, anti kulibe. Tenga nsaluyo wekha, asanaifunse, uwaike m'manja. Aitambasule, aifufuze m'mphepete monse, aone kuti mulibe mfundo kapena kanthu kosokereramo. Ukatero uwapemphe agwire kunsonga, uzungulire monga unachitira kuja. Mwina aseka, mwina ayi, koma adzakhala ataona ndi maso awo zimene zinachitika. Uwafotokozere zonse ngati mmene wandifotokozera ine, ndi za masitepe a ku laibulale zomwe. Ndikukayika ngati amazidziwa.

Upemphe aphunzitsi aja awaimbire foni. Mawu a munthu wamkulu amene analipo amalemera. Bambo akonso uwaimbire, asamve nkhaniyi kuchokera ku Citywest itathiridwa kale mchere. Ndipo Jerome m'malo mokusungira nsalu abwere kwanu Loweruka adzadye mpunga. Mayi akaona mnzake wa mwana wake akupempha chiwonjezero, mantha ambiri amatha okha.

Ngati amayi akufunabe kuti abusa aione, usakane. Uwapemphe kuti mupite awiri mkati mwa sabata, ukafotokoze wekha. Kupempherera chinthu ndi kuchiotcha n'zosiyana, ndipo abusa ambiri amadziwa kusiyanitsa akamva nkhani kwa mwini wake.

Koma ndisakunamize. Zikhoza kutheka kuti uchite zonsezi, amayi n'kunenabe kuti ipse. Zikatero uipereke. Zidzakuwawa, ndipo uli ndi ufulu wowauza kuti zakuwawa. Jerome sapsa nayo limodzi, ngakhalenso zimene unaphunzira pansi pa nsanja ija, zoti msana wako ukhoza kugwiriziza anthu.

Za loka zija uziiwale. Lero nsaluyo ndi mphatso ya nkhalamba yokoma mtima, ndipo ukhoza kuiyanika pakhonde aliyense n'kuiona. Tsiku limene udzaibise n'kunena kuti yatayika, udzakhala ndi chinsinsi chimene amayi ako sakuyenera kudziwa, mnzako mmodzi yekha akukusungira. Anti Evelyn adzakhala kuti ananena zoona, ndipo amayi ako, amene anakukanira kuima kutsogolo, adzasowa pogwira.

Aphungu