Sewero Langa Lafa, a Wendover Ali Chigonere

London, 9 Febuluwale 1768

Okondedwa achimwene a Cornelius,

Ndikhulupirira kuti nonse mukudzuka bwino. Kodi mwendo wa bambo uja unaphwa? Ine ndilipo, kungoti mtima suli m'malo.

Sewero langa lija, lodzudzula eni minda amene amadyera alimi masuku pamutu, lafa tsiku loyamba lomwe. Owonera anayamba kuimba malikhweru, ena kulira ngati amphaka, makoko a malalanje akugwa ngati matalala. Sanaleke mpaka mwini nyumba ya zisudzo atatuluka n'kulonjeza kuti silidzaonekanso.

A Wendover, mlakatuli wokalamba amene ndimawakopera zolemba, anali atandichenjeza. Ankati ndikafuna kumeta ndevu munthu wolemera ndiyambe ndamuseketsa, chifukwa woseka amakweza yekha chibwano. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Anthu akuthamangitsidwa m'minda kwathuko, ine ndizigirigisha owathamangitsawo? Ku koleji ya ku Dublin sindinapitire zimenezo.

Chondiwawa n'chakuti a Wendover omwewo ndiwo anandiikira kumbuyo, mpaka kulemba ndakatulo yotsegulira sewerolo. Tsopano mwini nyumba uja wawabwezera nawonso sewero lawo, ati dzina lawo lanunkha. Chifuwa chawagwetsa, akulavula magazi. Atandiona nkhope ili khuma anandiseka, amvekere ndine mwana wamwayi: iwo anakhetsa thukuta moyo wonse kuti London yense awade, ine ndakwanitsa tsiku limodzi. Dokotala atawaletsa vinyo, anamufunsa ngati kumanda kuli mpikisano wa mitembo yathanzi. Anzawo amene ankatchukira nthabwala zawo m'nyumba zomwera khofi, palibe ndi mmodzi yemwe wabwera kudzazonda.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze bambo, muwafike bwino, kuti ntchito yauphunzitsi imene anandipezera ku Kilkenny sindidzaiyamba pa Pasaka. Ndikudziwa kuti ipita kwa wina, ndiponso kuti mwina bambowo sadzandilemberanso kalata. Mumandidziwa, achimwene, kudikira kumandidwalitsa. Koma a Wendover alibe mkazi, alibe mwana. Dzulo anasiya nthabwala, n'kundigwira mkono. Anati mawu awo amvedwa ndi zikwi za anthu, koma gawo lomalizali akuopa kulisewera m'nyumba yopanda munthu. Ndawauza kuti ndikhala.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Honora, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Amayi musawauze za malalanje zija.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Malachy Dunphy