Mawu a Mayi M'mphepete mwa Buku

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomopo. Muli bwanji? Bondo lija linasiya kutupa? Nanga bambo akudya bwino? M'kalata yanu munati chifuwa chawo chachepa koma maso ndiwo akupita. Mundiuze zimene adokotala ananena, mawu awo enieni, osati ongondikhazika mtima pansi.

Ine m'thupi ndili bwino. Ndinasamuka m'chipinda chodontha chija, tsopano ndikukhala pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo kuntchito ndimapita wapansi. Mayi eni nyumba ndi munthu wabwino, kungoti wailesi yawo sipuma. Kuntchito kwabwera makina atsopano osindikizira, ndiye mabuku achuluka, moti pa tsiku ndimawerenga masamba oposa zana kufunafuna zolakwa. Dzino lija anandizula.

Koma si izi zandilembetsa kalatayi. Ndi buku lobiriwira la bambo, lija ndinatenga ulendo wathawu kuti ndikalisoketse. Mwandifunsa kawiri kuti libwera liti, ndipo kawiri konse ndinayankha kuti ntchito yachuluka. Ndinkanama. Bukulo anamaliza kulisoka masabata atatu apitawo, lili patebulo pano, koma ndaliwononga.

Mukukumbukira mmene bambo ndi mayi ankaliwerengera. Chaka chilichonse kukayamba kuzizira mayi ankalitenga, pensulo m'manja, n'kumalemba m'mphepete mwa masamba zimene akuganiza za anthu a m'nkhaniyo. Akamaliza ankalisiya pampando wa bambo osanena kanthu. Bambo nawo ankaliwerenga n'kumawayankha momwemo. Anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo chimwalirireni mayi bambo sanadumphitse chaka. Ine ndinaliwerenga kamodzi ndili kusekondale. Ndinawauza bambo kuti nkhani ya mlonda wa pamlatho amene mkazi wake anachoka ndi yotalikitsa chabe, ndipo mathero ake amaonekeratu pofika tsamba 40. Anangoseka, nati munthu saleka kupita kwawo chifukwa choti njira akuidziwa.

Ndikufotokozereni mmene zinachitikira, kuti musaimbe mlandu munthu wina. Kuntchito kuno buku lakale likasokedwa amalipanikiza n'kulidula mbali zitatu ndi mpeni wa makina, kuti masamba alingane ndiponso zakuda za zala zichoke. Buku lililonse timalichita zomwezo. Limayenda ndi kakhadi ka malangizo, ndipo kakhadiko ndinalemba ndine. Ndinati adule mamilimita asanu ndi atatu, chifukwa m'mphepetemo munali mong'ambikang'ambika. Makhadi otere ndalemba osawerengeka, dzanja linangoyenda lokha.

Madala amene amasoka mabuku anabwera nalo pa desiki yanga asanalidule, nandifunsa ngati ndaona kuti muli zolemba za pensulo. Ndinali pakati pa buku la masamu. Ndinawayankha osadzutsa mutu kuti ndikudziwa, adule basi, zolembazo zili mkati.

M'mutu mwanga munali zilembo zikuluzikulu za bambo, zimene zimakhala pafupi ndi mawu osindikizidwa. Ndinaiwala kuti mayi ankalemba kumphepete kwenikweni, tizilembo tating'ono totsika m'mbali mwa tsamba, kuti bambo awasiyire malo oyankhira.

Ndawerenga tsamba ndi tsamba. Bukuli lili ndi masamba 286. Bambo analemba pa masamba 203, ndipo zawo zonse zilipo, palibe chilembo chinachoka. Za mayi zatsala zowerengeka pa masamba 19 okha. Pena ponse pangotsala michira ya zilembo, ngati pomwe papalasa nkhuku.

Zodulidwazo zimagwera m'thumba, ndipo galimoto ya ogula mapepala otha ntchito imabwera Lachinayi. Ine ndinatsegula bukulo Lachisanu. Loweruka m'mawa ndinapita kumene amakatula matumbawo. Mayi woyeza matumbawo pasikelo anandifunsa ngati ndataya setifiketi. Nditati ayi, ndi zolemba za pensulo, anandibwereka magolovesi ake. Ndinafukula mpaka masana. Pamapeto pake anandiuza kuti za Lachinayi anaziviika m'madzi tsiku lomwelo kuti apangire mapepala ena, ndipo anangondilola kufunafuna poona kuti sindikanamukhulupirira. Madzi akatayika saoleka, achemwali.

Lolemba madala aja anabwera atavula chipewa, nati kulakwa ndi kwawo chifukwa anayenera kufunsa kawiri. Ndinawaonetsa kakhadi kaja, dzina langa lili pansi. Anafunsa kamodzi, ndipo kamodziko kanali kokwanira kwa munthu womva.

Mnzanga wa desiki yoyandikana nayo anandilangiza kuti ndingonena kuti buku linatayika m'basi. Anati chinthu chotayika munthu amachikumbukira chili chathunthu, pomwe chovulala chimamupweteka nthawi iliyonse akachiona. Sindibisa, ndinawaganizira mawuwo masiku awiri. Koma bambo mumawadziwa. Bwenzi akukutumani kukafunsa kwa oyendetsa mabasi sabata iliyonse, inu n'kumayenda ndi bondo limenelo kufunafuna chinthu chili patebulo panga.

M'masabata atatuwa ndaliwerenga katatu, ine yemwe ndinkati buku ukaliwerenga kamodzi wathana nalo. Nkhani ya mlondayo idakali yotalikitsa, pamenepo sindinasinthe maganizo. Koma ndikuwerenga mayankho a bambo, ndipo zili ngati kumva munthu akulankhula pafoni, winayo osamumva. Pa tsamba 57 akuti mayi asaseke mkazi wa mlonda, popeza iwonso anawotchapo malaya a mwamuna wawo ndi simbi n'kunamizira mphaka. Pa tsamba 112 akuti sanaiwale, anangochedwa. Kuiwala chiyani, sindikudziwa. Pa tsamba 140 pali deti la chaka chimene ndinabadwa, ndipo akuti mwanayo akulira, iwo akamunyamule, mayi apitirize kuwerenga. Pena ndimaseka ndekha, kenaka ndimayang'ana kumphepete kuti ndione chomwe mayi ananena, n'kupeza pepala loyera, lodulidwa bwino.

Chimene chikundisautsa kwambiri chili pa tsamba 271, pamene mkazi wa mlonda waima pakhomo atabwerera. Mayi analembapo kanthu kalekale. Bambo anakana. Anakananso chaka china, ndi chinanso, kasanu ndi kawiri, deti lililonse ndi pensulo yake. Pansi penipeni pali deti la miyezi iwiri chichitikireni maliro a mayi. Apo analemba kuti avomera, mayi ankanena zoona, ndipo akanayenera kuvomera womva akadalipo. Chimene mayi ananenacho chinapita ndi mpeni. Patsala michira ya zilembo zitatu. Ndaiyang'ana ndi galasi lokulitsira, ndaifananiza ndi zilembo zawo za pa masamba 19 aja, koma sindingathe kutulutsapo liwu ngakhale limodzi. Pa dziko lonse amene akudziwa mawu amenewo ndi bambo okha, ndipo ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muwapeze m'mawa atamwa tiyi, nthawi imene mutu wawo umakhala wopepuka, muwawerengere kalatayi yonse osadumpha mzere. Ndikufuna amve kuchokera kwa ine, asanaligwire m'manja n'kudzionera okha. Akakwiya musawatonthoze, ndipo musandiikire kumbuyo. Akafuna kukhala chete asiyeni. Koma tsiku limene adzafune kulankhula, mukhale ndi kope ndi cholembera pafupi, muwafunse zimene mayi analemba, kuyambira pa tsamba 271. Mulembe mmene akunenera. Ngakhale mutaona kuti asakaniza zaka, ngakhale mutakayika kuti akupeka, musawakonze. Ntchito yokonza zolakwa ndaigwira zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndi iyi yandifikitsa pano.

Bukuli sindilitumiza ndi munthu. Ndapempha tchuthi cha masiku anayi kumapeto kwa mwezi, ndibwera nalo ndekha. Masamba 19 aja ndawakopera kale m'zilembo zazikulu kuti bambo athe kuwaona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mankhwala a msana aja ndawapeza. Moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso. Moni kwa azakhali ndi amalume. Azakhali musawauze nkhaniyi bambo asanaimve, mukudziwa kuti pakamwa pawo sipachedwa.

Kwa bambo ndasowa moni woyenera. Mungowauza kuti ndikubwera, ndipo ngati safuna kundiona tsiku loyamba, ndidzadikira pakhonde.

Tsalani bwino, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Wamagalasi