Abambo Akana Mgonero

Malemia, Domasi
9 Ogasiti 1971

Okondedwa amalume a Makaiko,

Ndikhulupirira muli bwino kumigodi ya ku Wankieko. Kuno tilipo, chimanga chalowa m'nkhokwe.

Loweruka galimoto ya kanema inabwera ku Naisi. Anaonetsa za munthu wamakedzana amene anapha mnzake polimbirana munda, nakalamba akulemekezedwa. Kanemayo asanathe, abambo ananyamuka osatsanzika. Lamulungu anakana Mgonero, chonsecho ndi mkulu wa mpingo. Nditawafunsa anati, "Alesi, Mulungu sakalamba."

Dzulo anandiuza kuti, "Lembera amalume ako. Tinalipo awiri, ine ndi iwowo, tsiku limene a Yoswa anamira mumtsinje wa Domasi." A Yoswawo ndi aja anali eni dimba tikulimali.

Sindikufunsani kanthu, amalume. Koma abambo akuti mwezi ukatha akaonana ndi abusa kukaulula za tsikulo, kaya mubwera kaya simubwera.

Ndine mwana wanu,
Alesi