Bambo Anakulitsa Thalauza

14 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani kumene muliko. Kuno zinthu sizili bwino. Bambo agonekedwa m'chipatala, ndiye muyambe mwakhala pansi.

Paja mukudziwa vuto lawo lija lotsekula m'mimba mwa magazi. Mwezi uno linabweranso mwamphamvu, moti ankangonyamukanyamuka pa makina osokera, makasitomala akuona. Pomva chisoni ndi manyazi awo, ndinakawagulira mapiritsi oletsa kutsekula. Kunalekadi, ndipo Lamlungu ndinaimirira m'tchalitchi kuthokoza kuti achira.

Kenaka mimba inayamba kufufuma. Utelala nawo! M'malo modandaula, anangomasula msoko wa thalauza lawo n'kulikulitsa m'chiuno. Amayi ankawaseka: "Kunenepa kwa ukalamba kumeneku?" Iwo amvekere, "Ndi kuphika kwanu, mayi." Lachitatu thupi linatentha ngati simbi, akubwebweta, kumanditchula dzina lanu.

Kuchipinda cha matenda a mwadzidzidzi anapeza mtima ukuthamanga. Dokotala anagogoda mimba ija ndi zala, ikulira ngati ng'oma. Atawajambula, anationetsa thumbo lalikulu litatupa ndi kudzaza mpweya, litasiya kukankha chilichonse, litatsala pang'ono kuphulika. Anandifunsa pambali, "Pali mankhwala amene anamwa?" Achimwene, ndinatulutsa paketi ya mapiritsi aja m'chikwama. Anati munthu akamatsekula magazi chifukwa cha matumbo otupa, mapiritsi otere amatsekera matenda m'kati. Sanandikalipire. Bola akanatero.

Anawaika madiripi, mankhwala opha tizilombo ndi kapaipi m'mphuno, n'kuwaletsa kudya ndi kumwa. Anamwino ankawatembenuza pafupipafupi kuti mpweya utuluke. Sizinathandize, choncho dzulo awachotsa thumbolo. Powatengera ku opaleshoni anandinong'oneza, "Uwauze asoke mowongoka, ndidzayendera." Mpaka pano sanatsegule maso, ndipo dokotala akuti tiitane abale.

Za mapiritsi amayi sakudziwa. Kupatula dokotala, ndauza Mulungu ndi inu nokha. Amayi ndiwauza, koma ndikufuna inu mulipo.

Thalauza lija ndalichapa, lili pampando wa makina. Amayi akuti ndilibweze msoko, poti bambo akadzatuluka adzakhala ataonda. Singano ndaitenga, koma msokowo sindinaukhudze.

Moni kwa alamu ndi ana, muwauze apempherere agogo awo. Amayi akupereka moni wambiri. Wa bambo sindinaulembe. Fulumirani, mwina mudzaulandira nokha.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.